Part exchange ndi ulesi wokwera mtengo

Pepani ndinasowa, kuchonga mayeso a ana kunandipanikiza. Lero ndabwera ndi mkangano, ndipo ndikudziwa kuti ena mundikwiyira, makamaka inu amene October aliyense mumapita ku NEC ku Birmingham kukangoona ma motorhome, n'kubwerako mutasayina mapepala.

Kwa abale akumudzi amene mukudabwa, camper ndi galimoto yokhala ndi bedi, chophikira ndi sinki, ina mpaka chimbudzi chomwe. Ukafuna kusintha yakale pali njira ziwiri. Utha kuisiya kwa dealer kuti akuchotsereko pa mtengo wa inayo, zomwe kuno ku England amati part exchange, kapena kuigulitsa wekha kwa munthu n'kupita kwa dealer ndalama zili kale ku banki. Ine ndili mbali ya kugulitsa wekha. Ambiri osankha part exchange amati alibe nthawi, koma ukawafunsitsa umapeza kuti ndi ulesi ndi mantha basi.

Poti ntchito yanga ndi masamu, tiyeni pa bolodi. Manambalawa ndi ongoyerekeza. Camper yomwe mwaikonda alembapo £45,000. Yanuyo dealer akuti ailandira pa £22,000. Mwachita tsinya, iye wapita mu ofesi ati kukalankhula ndi bwana, wabwerako akumwetulira, akuti chabwino £24,000. Inu mtima m'malo, mwapambana £2,000. Koma mukadabwera opanda galimoto yosiya, bambo yemweyo akadatha kukutsitsirani mtengo wa inayo ndi £2,000 yomweyo. Wachotsa m'thumba lakumanzere n'kuika lakumanja, malaya ndi ake omwe. Nambala yofunika ndi imodzi yokha, ndalama imene mukuwonjezera kuti muchoke pa galimoto iyi kufika pa iyo. Apa ndi £21,000. Mukadagulitsa nokha pa £26,000 n'kugula inayo pa £43,000, mukadawonjezera £17,000. Ana anga a Year 8 akhoza kuona kusiyana kwake. Chodabwitsa n'choti akuluakulu a madigiri sakuona, chifukwa malonda awiri awamangira m'mtolo umodzi, kapu ya khofi waulere ili m'manja.

Sindikunena kuti ma dealer ndi akuba. Ali ndi zifukwa zogulira motchipa. Galimoto yanuyo aikonze, aitsuke, iime pabwalo miyezi ingapo isanapeze mwini. Pa kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, gawo limodzi mwa magawo 6 limapita ku VAT. Komanso lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limapatsa wogula kwa dealer masiku 30 obweza galimoto ikapezeka ndi vuto lenileni. Zonsezi amaziwerengera, ndipo wolipira ndi inu amene mwaisiya. Zili ngati mlimi wogulitsa chimanga kwa mavenda mu May pakhomo pake. Venda sanabe, sikelo ikhoza kukhala yolondola, koma phindu la February wapita nalo ndi iyeyo.

Wina anandiuza kuti part exchange imachepetsa msonkho. Ameneyo waonera kwambiri mavidiyo a ku America pa YouTube. Kumeneko, m'zigawo zambiri, msonkho wogulira amawerengera pa ndalama yotsala akachotsa mtengo wa galimoto yomwe wasiya, ndiye kusiya kwa dealer kumathandizadi. Kuno ku Britain mwayi umenewo kulibe. Musatenge malangizo a ku Texas n'kubwera nawo ku Nottingham.

Tsono mantha aja. Akuti ndidzaberedwa, akuti kudzabwera anthu achilendo pakhomo. Akuba alipodi pa Facebook Marketplace, pa Gumtree, ngakhale pa eBay, koma machenjera awo ndi akale ndipo ndi ochepa. Wokuuzani kuti ali kunja, atumiza munthu wodzatenga galimoto, musiyeni. Cheke ayi. Meseji kapena chithunzi chosonyeza kuti ndalama zatumizidwa si ndalama. Makiyi amachoka m'manja mwanu pokhapokha mutatsegula nokha akaunti yanu n'kuona kuti zalowa. Wofuna kuyesa kuyendetsa aonetse laisensi ndi inshuwalansi, ndipo inu mukhale pambali pake. Zamapepala n'zosavuta kuposa kulemba lipoti la mwana m'modzi. Mumauza DVLA pa intaneti, wogula mumamupatsa kachidutswa kobiriwira ka V5C, ndipo kuyambira October 2014 msonkho wa pamsewu susamukira kwa mwini watsopano, inu amakubwezerani wa miyezi yathunthu yotsala. Mbiri ya MOT aliyense amaiona ulere pa webusaiti ya boma. Kodi chovuta n'chiyani pamenepa, ife amene tinapirira mafomu a viza?

Chomwe chimagulitsa camper si injini. Ambiri mwa ma motorhome kuno amamangidwa pa Fiat Ducato, ndipo wogula wodziwa sada nkhawa kwenikweni ndi kutsogoloko. Amaopa chinyezi. Madzi akalowa pa msoko wa denga kapena m'mbali mwa zenera, matabwa a m'kati mwa khoma amawola mwakachetechete, kunja kukuwala bwinobwino. N'chifukwa chake ndimati musanaike malonda pa Auto Trader, itanani katswiri achite habitation check, ayeze chinyezi, gasi ndi magetsi, akupatseni lipoti. Pepala limeneli, pamodzi ndi malisiti onse a sevisi, limatseka pakamwa aliyense wofuna kukunenererani mtengo. Dealer nayenso adzayeza chinyezi chomwecho ndi kamakina kake, kungoti zotsatira zake adzakuuzani m'njira yomukomera.

Pali dandaulo limodzi lomwe ndimalimva, loti ukagulitsa wekha nthawi sizigwirizana. Mwina ukhala ndi ma camper awiri, inshuwalansi ziwiri, malo oimika amodzi, ndipo paja mapanga awiri avumbwitsa. Mwina ukhala opanda kalikonse. Ine ndikuti khalani opanda. Si galimoto yopitira ku ntchito iyi. Gulitsani dzuwa likayamba kuoneka, cha mu March mpaka May, pamene aliyense akulota za Cornwall ndi Lake District. Gulani kukazizira, mabwalo a ma dealer ali zii. Inde, kwa ife aphunzitsi zikutanthauza kuti holide imodzi ya masabata 6 tigona mu tenti kapena tikhala pakhomo. Koma kufulumira kumeza kutafuna kukadakoma ndi kumene kukutidyera masauzande. Ndipo musayembekezere misika ya 2020 ndi 2021, pamene Covid inatseka maulendo akunja, anthu n'kumalimbirana camper iliyonse yoyenda. Nthawi imeneyo inapita, lero muyenera kujambula zithunzi zabwino ndi kuyankha foni.

Alipo amene ndingawakhululukire. Wodwala, wamasiye amene sakufuna kuona alendo akutsegula makabati a malemu, ameneyo apite kwa dealer ndipo palibe amunene. Amene camper yake yawola kale, aipereke kwa dealer atanena zoona, kusiyana n'kuikankhira banja la ana aang'ono, pajatu ngakhale wogulitsa payekha lamulo silimulola kunama za katundu wake. Za ngongole si chifukwa. Imbani kwa amene anakukongozani, akuuzeni ndalama yotsekera, muilipire pa tsiku logulitsa wogula akuona.

Ngati mwaumirirabe part exchange, chitani ichi chokha. Yambani mwagwirizana mtengo wa yomwe mukugulayo ngati munthu wopanda chosiya, aulembe papepala. Kenaka muzinena kuti, paja panjapo pali galimoto yanga. Muyang'ane nkhope yake pamenepo, mudzandiuze.