Ana Aphunzire Dansi Masana

Pali mlandu umene makolo ndi aphunzitsi ambiri amauweruza asanaumve. Munthu akangonena kuti ana a sukulu aziphunzitsidwa dansi ya awiri-awiri, monga waltz, tango kapena rumba, nkhope za akulu zimagwa. Wina ati ndi ciwerewere, wina ati nkutaya nthawi ya masamu, winanso ati ndi za Azungu. Atatu onsewa alakwa, ndipo wolakwa kopambana ndi woyambayo, ngakhale kuti ndiye amene anthu amamumvera msanga.

Nkhaniyi inayesedwa kale. Mu 1994 mphunzitsi wa dansi, dzina lace Pierre Dulaine, anayamba kuphunzitsa ana m'sukulu imodzi ya boma mu mzinda wa New York, ndipo nchito yace, ya dzina loti Dancing Classrooms, inafalikira m'sukulu zambiri za mumzindamo ndi m'mizinda yina. Makonzedwe ace ngosabvuta. Ana a zaka 10 kapena 11 amaphunzira kawiri pa sabata kwa masabata 10, maphunziro 20 onse pamodzi, mkati mwa nthawi ya sukulu. Amaphunzira merengue, foxtrot, rumba, tango, swing ndi waltz. Amaimirira mozungulira ngati pa bwalo, ndipo mphunzitsi akalamula, ali yense amasuntha nakabvina ndi wotsatira. Cotero palibe mwana wobvina ndi bwenzi lace lokha, ndiponso palibe wosiyidwa kukhoma cifukwa ca kunenepa, umphawi kapena kusadziwa Cingelezi.

Tsono wonena za ciwerewere ayang'ane bwino cimene cimacitika m'cipinda cotere. Mnyamata amapempha, mtsikana nabvomera. Dzanja lamanja la mnyamata liri ndi malo ace, kumsana pafupi ndi phewa, ndipo likatsika mphunzitsi amalibweza pamaso pa onse. Pakati pa awiriwo pamatsala mpata. Nyimbo ikatha amathokozana, mnyamata naperekeza mnzace kumalo kwace. Kodi ndi phunziro liti lina m'sukulu yonse limene limauza mnyamata kuti thupi la mtsikana saligwira asanapemphe, ndi kuti pali pogwira ndi posagwira? Kodi ndi liti limene limazoloweza mtsikana kuimirira ciriri, kuyang'ana mnyamata m'maso ndi kudziwa kuti ulemu umenewo ngwoyenera iye? Kale atsikana anali ndi anamkungwi ao, anyamata ndi akulu ao, ndipo analangizidwa padera-padera. Lero sukulu imawakhazika m'cipinda cimodzi kuyambira ali aang'ono mpaka atakula, koma za kakhalidwe ka wina ndi mnzace imangoti cete. Kholo lokana dansi ya masana pamaso pa aphunzitsi liganiza kuti lateteza mwana, pamene langosiyira phunzirolo nyumba za mowa ndi zithunzi za pa foni, aphunzitsi amene sapempha cilolezo kwa munthu.

Mantha amenewa ngakale, ndipo acita manyazi kawiri-kawiri. Mu 1816 nyuzipepala ya The Times ya ku London inadzudzula waltz kuti ndi dansi yonyansa, nicenjeza makolo kuti ana ao akazi asaiyandikire. Lero waltz yomweyo imabvinidwa ndi nkhalamba pa maukwati. Tango, imene inabadwira pakati pa amphawi a ku Buenos Aires ndi Montevideo, inaonanso zomwezo. Mu 1913 Mfumu Wilhelm II ya ku Germany inaletsa akulu a asilikali ace kuibvina atabvala yunifomu, ndipo mu 1914 Bishopu wamkulu wa ku Paris anaikaniza Akristu ace. Mu 2009 bungwe la UNESCO linailemba pa cuma ca miyambo ya anthu onse, ndipo Papa Francis, mwana wa ku Buenos Aires, sanabise kuti anaibvina pa unyamata wace.

Wonena kuti ndi za Azungu sanafunse kumene magulewa anacokera. Waltz ndi ya ku Ulaya, zoonadi. Koma kulira kwa ng'oma za ku Cuba ndi ku Dominican Republic, kwao kwa rumba ndi merengue, kunaoloka nyanja pamodzi ndi akapolo ocokera ku Africa, ambiri a iwo a ku Congo ndi Angola. Pamene nyimbo za ku Cuba zinafika pa galamafoni ku Léopoldville, kumene lero ndi Kinshasa, anthu anazilandira ngati mwana wobwera kuulendo, ndipo mwa izo munabadwa rumba ya ku Congo imene Zambia yense amaidziwa. Dansi ya awiri-awiri nayonso si mlendo wa dzulo m'dziko lino. Godfrey Wilson wa ku Rhodes-Livingstone Institute, m'zolemba zace za 1941 ndi 1942, anafotokoza za makalabu a dansi a anthu akuda a ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, pamodzi ndi mipikisano yao. Ndipo palibe amene akuti cimtali kapena kalela zicoke m'sukulu. Mapazi a mwana angathe kusunga zonsezi.

Za masamu sizifuna mau ambiri. Sukulu imene ana ace angalephere mayeso cifukwa ca maphunziro 20 a dansi pa caka inali italephera kale.

Coopsa ceni-ceni cimacokera kwa abwenzi a dansi. Alipo aphunzitsi amene maso ao ali pa cikho. Iwo amasankha ana ocepa okongola ndi opepuka miyendo, nabveka atsikana aang'ono zobvala zazifupi zonyezimira, nawapaka milomo, nalipiritsa makolo, ana otsalawo nkukhala oombera m'manja. Pamenepo wonena za ciwerewere wapeza pogwira, ndipo sanganenedwe wabodza. Mpikisano pa wokha suli woipa. Filimu ya 2005 ya Mad Hot Ballroom inaonetsa ana a ku Washington Heights, dera la New York lokhalamo ambiri ocokera ku Dominican Republic, akupambana mzinda wonse ngakhale makolo ao anali osauka. Koma inaonetsanso misozi ya ogonja. Mpikisano ubwere pambuyo. Phunziro likhale la kalasi lonse, la opusa miyendo ndi acangu omwe, m'zobvala zao za sukulu, zitseko ziri zotsegula kuti kholo liri lonse lilowe ndi kudzionera lokha.

Dulaine anabadwira ku Jaffa mu 1944, ndipo banja lace linathawako pa nkhondo ya 1948. Atakalamba anabwerera kukaphunzitsa dansi ana a Ayuda ndi a Aarabu a mumzindamo, monga ionetsa filimu ya 2013 ya Dancing in Jaffa. Kumeneko zifukwa zokanira zinali zazikulu kuposa za kwina kuli konse, pakuti pa manyazi a mnyamata ndi mtsikana panaonjezeka cipembedzo ndi udani wa mitundu. Nkhondo ya m'dzikomo sinathe cifukwa ca merengue, ndipo palibe amene anayembekeza kuti ithe. Koma pakutha pa masabata aja, ana amene poyamba anakana kukhudzana ngakhale nsonga ya cala anabvina awiri-awiri, Myuda ndi Mwarabu, makolo ao atakhala m'nyumba imodzi kupenyerera.