Kafukufuku wopanda maere asatigulitse kamakina

Sabata ino mafoni athu adzaza ndi kauthenga kamodzimodzi ka pa WhatsApp, kochokera kwa wamalonda wina. Akuti "kafukufuku watsimikiza" kuti odwala shuga amene amadziyeza okha kunyumba amakhala ndi moyo wautali. Pansi pake pali mtengo wa kamakina koyezera shuga ndi nambala ya foni.

Tisanapse mtima, tivomereze chimodzi. Kwa munthu wobaya insulin, kudziyeza si nkhani yokambirana. Shuga ikatsika pakati pa usiku, kadontho ka magazi a pachala ndi kamene kamamuuza kuti anyambite chotsekemera asanakomoke. Ameneyo sitikumuletsa. Chatiimitsa mutu ndi liwu lakuti "watsimikiza".

Mu 2006 ofufuza a ku Germany anasindikiza kafukufuku wotchedwa ROSSO, mmene anasanthula mafayilo a anthu opitirira 3,000 odwala shuga ya mtundu wachiwiri. Anapeza kuti imfa pakati pa odziyeza okha zinali zochepa, pafupifupi ndi theka. Koma palibe anachita maere kuti uyu azidziyeza, uyu ayi. Choipa kwambiri, munthu ankalembedwa m'gulu la odziyeza pokhapokha atadziyeza kwa chaka. Womwalira asanafike pamenepo sakanalowamo. Gulu loti polowera pake uyambe wakhala kaye ndi moyo, lingalephere bwanji kuoneka la moyo wautali? Chaka chotsatira, a ku Oxford anasindikiza kafukufuku wa DiGEM, mmene anagawa mwamaere odwala 453 osabaya insulin. Patatha miyezi 12, muyezo wa HbA1c, umene umaonetsa mmene shuga yayendera m'miyezi iwiri kapena itatu, sunasiyane kwenikweni pakati pa maguluwo.

Tsono taganizani za kwathu kuno. Ndani ali ndi kamakinaka m'nyumba? Ndi uja amene amakwanitsa kugula masitiripi mwezi ndi mwezi. Yemweyo ndiye ali ndi ya minibasi yopitira kukiliniki tsiku lake likakwana, mapiritsi akasowa kuchipatala amakagula kufamase, ndipo ndiwo amachita kusankha. Mukamuika pasikelo limodzi ndi agogo a kumudzi amene amayezedwa pokhapokha akadwalika, mwayeza kamakina kapena mwayeza thumba?

Akatswiri izi amazidziwa. N'chifukwa chake mu 2016 magazini ya BMJ inasindikiza ROBINS-I, ndondomeko yofufuzira kukondera m'kafukufuku wopanda maere, yoyang'ana mbali zisanu ndi ziwiri. Imafunsa ngati magulu anali ofanana poyambira, ndani anasiyidwa kunja, ndani anasowa panjira, ndiponso ngati ofufuza sanangotola zotsatira zowakomera. Kafukufuku wotere si wotaya ayi, ali ndi ntchito yake, koma amayenera kupetedwa kaye.

Ndiye inu amalonda, munapeta? Simunapete. Munatola chiganizo chimodzi chokoma, n'kuchimata pachithunzi cha katundu wanu, n'kukaopseza nacho mayi amene akuwerengera ndalama ya ufa. Kumeneko si kuthandiza wodwala, ndi kudyera pa mantha ake. Ndipo tikudziwa kuti mawa mubwera ndi timasensa toyezera shuga tomata pamkono, nyimbo yake yomweyi: "anavala, shuga inatsika", osanena kuti munthu amathamangira chida chatsopano shuga ikafika poipitsitsa, pamenenso adokotala amamusinthira mankhwala.

Atolankhani anzathu, nanunso musaseke. Talemba kangapo patsamba lino za matenda anu a "kafukufuku wasonyeza", wopanda dzina, wopanda chaka, osatchula ndi komwe amene analipira. Mpaka lero mukukopera zikalata za amalonda n'kuzitcha nkhani za umoyo. Manyazi mulibe?

Lachitatu tinaimba nambala ya pa kauthenga kaja, kufunsa dzina la kafukufukuyo ndi mmene anagawira odwala. Anatiyankha kuti timakina tatsala tochepa, tifulumire.