Rauta ndi imodzi, koma zala tikulozana nyumba yonse

Anatiuza kuti tipulumutsa ndalama. M'malo moti bambo azigula bandulo yawo, mayi yawo, mwana wa ku koleji yakenso, tingogula rauta imodzi, tiikemo simu khadi, tilipire bandulo ya mwezi, aliyense alumikize foni kapena laputopu yake. Ambiri tinavomera. Pitani ku Ndirande, ku Area 25, ku Chibavi kapena ku Chinamwali, mukapeza kabokosi kakuphethira timagetsi pambali pa TV. Ena tinafika posonkherana ndi anzathu a lendi pa poloti imodzi, kuti mtolo upepuke. Ganizolo ndi labwino ndipo sitikufuna kulitaya. Chomwe chikutiwawa n'chakuti bandulo ya mwezi ikutha mwezi usanafike pakati, ndipo palibe amene akutiuza komwe yapita.

Mlandu umayamba madzulo, wina akatsegula foni n'kupeza zinthu sizikuyenda.

"Iwe, wakhala ukuonera chiyani usiku wonse?"

"Ayi ababa, ine ndimangolemba asainimenti. Afunseni achemwali, dzulo amaonera mafilimu."

Achemwali akukana, mayi akuti iwo amangomvera mauthenga a ku gulu la mpingo, ndipo amene watulutsa ndalama wakhala duu, mtima ukuwira. Pa poloti pomwe tasonkherana zimafika poipa. Anthu omwe amabwerekana mchere ndi moto amayamba kudutsana osapatsana moni, chifukwa uyu akukhulupirira kuti ana a uyo ndiwo amaliza data.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri mwana uja amakhala akunena zoona. Data yambiri imadyedwa ndi makina eniakewo, anthu tili m'tulo. Foni ikalumikizidwa pa Wi-Fi imatenga ngati yafika pa intaneti yopanda malire, chifukwa m'mayiko momwe anaipangira zimakhala choncho m'nyumba zambiri. Zonse zomwe inkadikira nazo imazichita nthawi yomweyo: kukonzanso mapulogalamu ake, kutumiza zithunzi zonse kokazisunga, kutsitsa mavidiyo onse omwe anthu aponya m'magulu a WhatsApp, ngakhale amene mwini wake sadzawatsegula n'komwe. Laputopu ya Windows 10 kapena 11 nayo imatsitsa yokha zokonzera zake, ndipo zikuluzikulu zimatha kudya ma GB angapo tsiku limodzi. Mukhale ndi mafoni asanu ndi malaputopu awiri m'nyumba, muone. Zili ngati thumba la ufa lobooka kunsi: aliyense akutapa pang'ono pamwamba, koma ufa ukuthera pansi.

Pali malo mu laputopu pomwe ungaiuze kuti intaneti iyi ndi yoyezedwa, pamalembedwa kuti metered connection, ndipo ukatero imasiya kutsitsa zambiri mwa zinthu zija. Mu WhatsApp mulinso pozimitsira kutsitsa mavidiyo kongochitika kokha. Izi ambiri tinazimva mochedwa, kwa mnyamata wokonza mafoni pamsika, titaluza kale ndalama. Amene anatigulitsa rauta anangotisonyeza pasiwedi yolembedwa kunsi kwa kabokosi, n'kutipatsa lisiti. Kapepala ka m'katoni kali m'Chingerezi, timalemba take tating'ono tosawerengeka kwa munthu wamkulu.

Nayo pasiwedi sikhala chinsinsi. Umauza mlendo mmodzi mwaulemu, poti kumana munthu wabwera pakhomo n'kovuta. Iye safunikanso kuiloweza, chifukwa mafoni a masiku ano amatulutsa kachizindikiro ka QR komwe mnzake amangojambula n'kulowa. Posakhalitsa umaona anyamata atatsamira mpanda wako madzulo, maso onse pa foni. Kuti uwachotse uyenera kulowa m'kati mwa rauta kudzera pa manambala oyamba ndi 192.168, kupeza mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, n'kusintha pasiwedi. Agogo amene akulera zidzukulu ndipo rauta anawagulira mwana wawo wa ku Johannesburg kuti aziyankhulana pa vidiyo, angazithe zimenezo?

Ndiye pali makoma. Nyumba zathu ndi za njerwa zootcha, ndipo Wi-Fi ikadutsa khoma limodzi, awiri, imafooka. Rauta zina zimatulutsa mizere iwiri, wa 2.4 GHz ndi wa 5 GHz. Wa 5 uja umathamanga koma sufika patali, wa 2.4 umafika kuchipinda koma umayenda pang'onopang'ono. Mwana wolemba mayeso amathera pa khonde, kapena kukhala pansi pafupi ndi kabokosi, udzudzu ukumuluma. Chingwe cha Ethernet chimatha kuyenda mpaka mamita 100 osavuta, ndipo chingathandize kompyuta ya kuchipinda, koma eni nyumba ambiri safuna kumva zoboola khoma, ndipo malaputopu atsopano ambiri alibe n'polowetsa chingwecho. Komanso rauta sichulukitsa liwiro. Lomwe lafika kuchokera pa nsanja ya netiweki ndi lomwelo timagawana, moti wina akayamba kuonera mpira, mayi amene akufuna kutumiza zithunzi za katundu kwa kasitomala amangoona kagudumu kakuzungulira.

Magetsi akazima, kabokosi kamazima nawo. Masiku a bandulo sayima. Amawerengabe, ndipo tsiku lomaliza likakwana, zotsala zimapita ngakhale kuti theka la nthawiyo tinali mu mdima. Ndiye timagulanso kabandulo ka pa foni kuti tidutsire, ndalama ija tinkati tipulumutse n'kutuluka kawiri.

Tikudziwa kuti intaneti kuno siingatchipe ngati kwa anzathu a m'mbali mwa nyanja yamchere. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, ndipo zingwe zathu za intaneti zimadzera ku Tanzania ndi ku Mozambique kuti zikafike pa zingwe za pansi pa nyanja. Tikudziwanso kuti mu 2015 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa data ndi mauthenga a pa foni, pamwamba pa VAT, ndiponso kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chinakwera, marauta omwe. Starlink inafika m'dziko muno mu 2023, koma zipangizo zake n'za anthu a matumba akuya, osati mphunzitsi wa pulayimale. Zonsezi tazimva. N'chifukwa chake MB iliyonse imatipweteka ikapita osaiona.

Zomwe tikupempha si zazikulu. Ogulitsa marauta, khalani ndi munthu mphindi zochepa, mumusonyeze posinthira pasiwedi ndi pozimitsira zotsitsa zija asanatuluke mu shopu. Makampani a netiweki, tipatseni njira yosavuta yoonera pa foni kuti chipangizo chilichonse chadya zingati, ndipo data yomwe talipira ikatsala izilowa m'mwezi wotsatira. Inu a MACRA, amene ntchito yanu ndi kuyang'anira za mauthenga ndi kuteteza ogula, onetsetsani kuti malangizo amenewa alembedwa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, ndipo amveke pa wailesi. Ana athu akukalipiridwa chifukwa cha data yomwe sanadye, ndipo zimenezi zitheretu.