Zolemba za Munthu Zikhale m'Manja Mwake

Tauni ya Kafue inakula ndi nchito za amisiri. Ulalo wa njanji unaoloka mtsinje m'caka ca 1906, ndipo dziko litalandira ufulu kunamangidwa fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles ndi ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba nchito mu 1970. Anthu a zinenero zosiyanasiyana anasonkhana m'tauniyi kudzaphunzira makina. Koma pamene malonda a nsalu anafooka m'zaka za m'ma 1990, salaula itadzaza m'misika, amisiri ambiri anabalalika, ndipo nzeru zimene zinali m'mitu mwao mokha zinapita nao limodzi. Nzeru yosalembedwa imatha ndi mwini wake. Yolembedwa nayonso imatayika ngati palibe njira yoipezera pa tsiku limene yafunika.

Masiku ano anthu akulemba kwambiri kuposa kale. Mphunzitsi, makanika, mlimi wa tomato ndi mai wogulitsa pa msika, aliyense ali ndi zolemba zake: zina m'kope la sukulu, zina m'mauthenga a WhatsApp, zina pa kapepala kojambulidwa ndi foni. Ikafika nthawi yofuna kudziwa amene anakongola ndalama mwezi wa June, munthu amafufuza usiku wonse osapeza kanthu. Njira imodzi yothetsera bvutoli imachedwa wiki ya munthu payekha.

Liu lakuti wiki ndi la cinenero ca ku zilumba za Hawaii, ndipo tanthauzo lake ndi kufulumira. Wiki yoyamba inapangidwa mu 1995 ndi Ward Cunningham wa ku America, kuti akatswiri a makompyuta azilemba ndi kukonza masamba mothandizana. Wikipedia, imene inayamba mu 2001, inatengera nzeru yomweyo. Wiki ya munthu payekha ndi mwana wa zimenezi, koma mlembi ndi mwerengi wake ndi mmodzi, ndipo imakhala m'foni kapena m'kompyuta yake.

Kagwiridwe kake nkosabvuta. Nkhani iliyonse imakhala pa tsamba lakelake lokhala ndi dzina. Munthu akachula dzina la tsamba lina, amalitsekera m'mipanda iwiri motere, [[Chanyanya]], ndipo dzinalo limasanduka khomo. Akalikhudza, tsambalo limatseguka, ndipo ngati kulibe, limabadwa pomwepo.

Mwacitsanzo, mai wogula nsomba pa doko la Chanyanya nkukagulitsa ku msika wa Soweto mu Lusaka angakhale ndi tsamba la msodzi aliyense, tsamba la mitengo, ndi tsamba la oyendetsa magalimoto. Polemba za tsiku limenelo, amachula dzina la msodzi amene wamupatsa ndalama za ukonde. Patapita miyezi itatu ya ciletso ca usodzi, cimene cimayamba pa 1 December ndi kutha kumapeto kwa February, iye atsegula tsamba la msodziyo, ndipo pulogalamu imuonetsa masiku onse amene dzinalo linachulidwa. Mkangano wa ngongole umatha usanayambe. Makanika angacitenso cimodzimodzi ndi galimoto iliyonse imene inalowapo m'galaji yake.

Cofunika koposa ndi mtundu wa fayilo imene zolembazo zimasungidwamo. Pali mafayilo amene amatseguka ndi pulogalamu imodzi yokha, ndipo pulogalamuyo ikatha nchito, zolembazo zimakhala ngati cimanga ca m'nkhokwe yopanda khomo. Makalata ambiri amene analembedwa m'maofesi m'zaka za m'ma 1980 ndi pulogalamu ya WordStar anasungidwa pa timadisiki tofewa, ndipo lero makina owerengera timadisikito ndi osowa. Kampani ya Sony inaleka kupanga timadisiki totere mu 2011. Koma fayilo ya malemba wamba, imene dzina lake limathera ndi .txt kapena .md, ilibe cina ciliconse koma zilembo zokha. Imatseguka m'makina alionse, akale ndi atsopano omwe. Kucokera mu 1992, pamene Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza ndondomeko ya UTF-8, fayilo yotere imasunga zilembo za zinenero za dziko lonse, ngakhale ŵ wa m'dzina la Malaŵi.

Mapulogalamu ena a wiki amatsata njira imeneyi. Zim, ya Jaap Karssenberg wa ku Netherlands, imasunga tsamba lililonse ngati fayilo ya malemba wamba m'kompyuta. Obsidian, imene inatuluka mu 2020, imacita cimodzimodzi ndipo imagwiranso m'foni. Zonse ziwiri zimapezeka kwaulere. Pulogalamu itatha mawa, masambawo atsala, ndipo mwini wake angawawerenge ndi pulogalamu ina. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Zolemba zosungidwa pa makina a kampani ya kutali zili pacala.

Anthu a ku Kafue amadziwa bwino za kuzima kwa magetsi, ngakhale kuti makina aakulu a Kafue Gorge ali m'dera lao lomwe. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi m'madamu, Boma linalengeza kuti dziko lili pa tsoka, ndipo nyumba zambiri zinali kuona magetsi kwa maola owerengeka okha pa tsiku. Pa nthawi yotere netiweki imabvuta, ndipo zolemba zodalira intaneti sizifikirika. Wiki ya malemba wamba imatseguka popanda intaneti ndipo siidya ndalama za data. Masamba pafupifupi 1,000 angakwane pa malo amene cithunzi cimodzi ca foni cimatenga.

Wopanda foni yamakono asataye mtima, pakuti nzeruyi ndi yakale kuposa kompyuta. Niklas Luhmann, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Bielefeld ku Germany amene anamwalira mu 1998, anasiya timakhadi ta pepala pafupifupi 90,000 m'mabokosi a matabwa. Khadi lililonse linali ndi nambala yake, ndipo linali kuloza ku makhadi ena a nkhani yofanana. Ndi thandizo la mabokosiwo analemba mabuku ambirimbiri. Kope lokhala ndi manambala pa masamba, ndi mndandanda wa maina kumapeto kwake, lingagwire nchito yomweyo.

Komabe wiki ili ngati dimba: yosalimirira imamera chire. Tsamba lililonse likhale ndi nkhani imodzi ndi dzina lomveka. Cinthu ciliconse colembedwa cikhale ndi tsiku lake. Mtengo ukasintha, wakale usafafanizidwe, koma watsopano ulembedwe pansi pake, pakuti mitengo ya caka catha ndiyo imalangiza za caka cino. Kamodzi pa sabata mwini wake awerenge zimene analemba, akonze zolakwika ndi kulumikiza masamba amene ali paokha.

Pali ngozi ziwiri zoyenera kusamala. Yoyamba ndi yakuti foni imabedwa, imagweranso m'madzi. Cotero mafayilo onse azikoperedwa pa memori khadi kapena pa fulashi mwezi uliwonse, ndipo izi zisungidwe kwina. Yaciwiri ndi yakuti malemba wamba amawerengeka ndi aliyense wotola foniyo. Maina a anthu ndi ngongole zao ndi cinsinsi, motero foni ikhale yokhoma, ndipo nambala ya cinsinsi ya mobile money isalembedwemo konse.

Wofuna kuyamba asadikire kugula makina atsopano. Masamba atatu akwanira sabata ino: la anthu, la ndalama, ndi la nchito za tsiku ndi tsiku. Ndipo asaiwale kuonetsa mwana wake kapena wophunzira wake kumene masambawo amakhala, kuti tsiku limene iye sadzakhalapo, nchito isadzaime.