Mzere Umodzi Si Kumanidwa Mankhwala

Pa zipatala zazing'ono zambiri pamamveka dandaulo limodzi lomwelo. Mayi wayenda mtunda wautali ndi mwana wotentha thupi, mwanayo wabayidwa chala, ndipo patapita mphindi 15 kapena 20 namwino wanena kuti malungo palibe. Mayiyo amatuluka ali wokhumudwa, nanena kuti amumana mankhwala. Ena amapatukira pagolosale kukagula mankhwala omwe chipatala chawakaniza. Kukhumudwako n'komveka, koma kugulako n'kulakwa.

Gwero la vutoli ndi liwu lakuti malungo. Kumudzi kutentha thupi kulikonse kumatchedwa malungo. Kuchipatala malungo ndi nthenda imodzi yokha, yoyamba ndi kachilombo kofalitsidwa ndi udzudzu, kamene dokotala wa ku France, Alphonse Laveran, anakaona koyamba m'magazi a wodwala ku Algeria m'chaka cha 1880. Chibayo, tayifodi, zilonda zapakhosi, khutu lotuluka mafinya ndi matenda oumitsa khosi, zonsezi zimatenthetsanso thupi, ndipo LA sachiza ngakhale chimodzi mwa izo.

Kodi kachipangizo koyera kaja kamadziwa bwanji? Mlimi akafika kumunda m'mawa sasowa kuiona nguluwe ndi maso kuti adziwe kuti inabwera usiku. Mapazi ake amamuuza. Kachilombo ka malungo nakonso kamasiya chizindikiro chake m'magazi, chimene azachipatala amachitcha antigen. Thupi likaona chizindikiro chachilendo chotere limatchera misampha yogwira mdani yekhayo, osati wina. Misampha imeneyi ndiyo ma antibody. Akatswiri anaphunzira kuipanga, naipaka pakapepala kali m'kati mwa kachipangizo kaja. Dontho la magazi likathiridwa pamodzi ndi timadontho ta mankhwala, magaziwo amayenda m'kapepalamo monga madzi akwerera munsalu. Chizindikiro cha malungo chikakhalamo chimakodwa, ndipo mzere umaoneka pa chilembo T. Mzere wa pa chilembo C umangotsimikiza kuti kachipangizoko kagwira ntchito. Wa pa C ukapanda kuoneka, namwino amatenga kena n'kuyezanso.

Tsono mzere umodzi wa pa C ndi yankho, ndipo ndi yankho lothandiza. Umauza namwino kuti aleke kuyang'ana kumene kulibe mdani, amvetsere chifuwa cha mwanayo, aone kukhosi ndi m'makutu. Mwana wa chibayo amene wamwetsedwa LA kwa masiku atatu wataya masiku atatuwo, ndipo chibayo sichidikira munthu.

Palinso chifukwa china chimene akuluakulu akuchikumbukira bwino. Kale klorokwini ankamwedwa ngati mtedza, mutu ukangowawa pang'ono, mpaka tizilombo tinamuzolowera. Mu 1993 dziko la Malawi linamusiya n'kuyamba SP, amene ambiri ankamutcha Fansidar. Nayenso anafooka, ndipo mu 2007 kunabwera LA. Mu 2010 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti munthu aliyense woganiziridwa malungo ayambe wayezedwa asanapatsidwe mankhwala. Mankhwala abwino sapezeka chaka ndi chaka, ndipo kuwamwa mwachisawawa ndiko kuwafooketsa.

Komabe kachipangizoka si mneneri. Mapazi a nguluwe amatsalabe m'munda nguluweyo itaphedwa kale. Momwemonso chizindikiro cha malungo chimatha kukhala m'magazi kwa milungu ingapo munthu atachira. Choncho wodwala amene anamwa LA posachedwa ayenera kuuza namwino asanayezedwe, kuti ngati n'kotheka magazi ake aonedwe pa maikulosikopu, pamene tizilombo teniteni timaoneka ndi maso. Nthawi zina tizilombo timakhala tochepa kwambiri tsiku loyamba moti sitidziwika. N'chifukwa chake mwana amene sakupeza bwino patapita masiku awiri ayenera kubwereranso. Amene akukomoka, akusanza chilichonse kapena akukanika kuyamwa asadikire ngakhale usiku umodzi.

Kuyeza HIV kumatsata njira yosiyana, ndipo anthu amasokonezeka chifukwa zipangizo zake zimafanana maonekedwe. Apa sikufuna mapazi a mdani ayi, koma misampha imene thupi latchera. Thupi limatenga nthawi kuti liitchere, mwina mpaka miyezi itatu, n'chifukwa chake amene akukayika kuti watenga kachilombo posachedwa amauzidwa kudzayezetsanso. Khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV limatenga ma antibody a mayi ake, ndipo amatha kukhala m'magazi mwake mpaka miyezi 18 ngakhale khandalo lilibe kachilombo. Mwana wotere amayezedwa ali ndi milungu 6 mwa njira ina yofufuza kachilombo kenikeniko, ndipo mayi ayenera kufunsa tsiku lodzamva zotsatira asanachoke kusikelo.