Asiyeni akangane za novela, koma apatseni sewero lawolawo

Kuno ku Fonte Boa, ku Mozambique, ndi m'midzi yozungulira kwafala dandaulo lakuti novela, masewero opitirira a pa kanema, zawatha anthu nzeru. Mudzalimva kwa aphunzitsi, kwa atsogoleri a miphakati, ngakhale kwa madoda pamaliro. Akuti amayi akakumana pamjigo sakambanso za feteleza kapena za mwana wodwala, nkhani imangokhala ya mkazi wa ku Rio de Janeiro amene dzulo usiku walanda mwamuna wa mnzake. Akuti anyamata m'mabaraka amakalipira kanema ngati munthu ali m'katimoyo akumva. Ena amalakalaka malo oonetsera kanema atatsekedwa ndithu.

Ine ndikukana. Anthu amenewa sadapenge, ndipo amene akuwanyozawo sadakhalepo pansi n'kumvetsera chimene akukangana.

Tengani Mpali, sewero la ku Zambia la pa Zambezi Magic, lokamba za mlimi wachuma, bambo Nguzu, ndi akazi ake ambirimbiri. Gawo likangotha, m'nyumba mumabuka mlandu. Wina akuti mkazi wamkulu akuonjeza nsanje. Wina akuti ayi, adavutika naye ali wosauka, lero chuma chabwera akadyerere ena? Mtsikana amene sangayerekeze kutsutsa apongozi ake pa nkhani ya m'nyumba mwawo, apa amatsutsa momasuka, chifukwa akunena za akazi a Nguzu. Mayi amene mwamuna wake akagulitsa kachewere amasowa sabata yathunthu, amatha kunena pamaso pa mwamunayo kuti, "Bambo ameneyu ndi wakuba, thukuta n'la akazi koma ndalama akudya yekha." Mwamunayo amamva. Aliyense m'chipindamo amadziwa amene akunenedwa, koma palibe watukwanidwa, palibe wapita kwa ankhoswe.

Kodi zimenezi n'zachilendo? Agogo athu ankachita zomwezi pamtondo. Mayi wopsa mtima ankaika dandaulo lake m'nyimbo, mnzake n'kuvomera, mudzi wonse n'kumva kuti kwa uje kulibe mtendere. Chigayo chitabwera, mtondo udakhala chete, koma madandaulo sadathe. Ndiponso ife sitidakhalepo anthu oonerera mwakachetechete. Wokamba nthano sapitiriza ngati omvera savomera kuti tili tonse. Kubwalo la gule wamkulu, amene UNESCO idamuzindikira mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, amayi ndiwo amaimba, amawomba m'manja, amaseka chilombo chimene chikutsanzira munthu wadama kapena waulesi. Popanda iwo gule sangakome. Munthu woleredwa chonchi mukamuikira kanema patsogolo, mukufuna akhale duu bwanji?

Zoletsazo ena adaziyesa kale. Mu 2003, nyumba ya malamulo ya ku Malawi idalamula kuti Big Brother Africa asiye kuonetsedwa pa wayilesi ya kanema ya dzikolo, ati ikuononga chikhalidwe. Sipadapite nthawi, khoti lalikulu lidathetsa chiletsocho, anthu n'kupitiriza kuonera mpaka Cherise Makubale wa ku Zambia adapambana. Imeneyo inali nthawi imene kanema anali wa anthu ochepa a m'tauni. Nanga lero, pamene sola ndi dishi zafika m'midzi, ndipo mnyamata aliyense ali ndi magawo a sewero pa memori khadi ya foni yake, mudzatseka chiyani?

Pamene ndimagwirizana ndi odandaulawo ndi pa mapulogalamu oonetsa anthu enieni. Nguzu kulibe, mungamutukwane usiku wonse, wosewerayo agona bwinobwino. Koma mtsikana amene waonekera pa Date My Family Moçambique ali ndi mayi ake, ali ndi kwawo, mawa apita kumsika. Oonera akayamba kufalitsa chithunzi chake pa WhatsApp n'kumamutcha mayina onyansa, akulasa munthu wamoyo. Ambiri sadziwanso kuti zimene aonazo ndi zodulidwa: ojambula amatenga maola ambiri, kenaka amasankhamo mphindi zochepa zimene zingakwiyitse kapena kuseketsa, chifukwa mkwiyo wa oonera ndiwo umakopa otsatsa malonda. Pa mipikisano yovotera, uthenga uliwonse wa voti umadya ndalama ya m'foni ya wovotayo. Izi n'zoyenera kuphunzitsidwa, ndipo mphunzitsi amene akutaya nthawi kukalipira ana chifukwa choonera akadachita bwino kuwafunsa kuti: wasankha chithunzichi ndani, wasiya chiyani, wapindula ndani?

Koma chimene chimandiwawa ine n'china. Anthu a ku Angónia ndi ku Tsangano ali ndi luso lonseli loweruza nkhani, koma nkhani zimene akuweruzazo si zawo. Za ku Brazil zimabwera m'Chipwitikizi. Za ku Turkey ndi ku India, kaya m'Chipwitikizi kaya m'Chingerezi. Kalembera wa 2017 adapeza kuti anthu oyankhula Chipwitikizi ngati chiyankhulo chobadwa nacho ndi pafupifupi 17 okha pa 100 alionse m'dziko muno. N'chifukwa chake m'nyumba zambiri mwana wa sukulu amakhala pafupi ndi kanema n'kumamasulirira agogo ake, nthawi zina mpaka nkhani za kuchipinda zimene mwana sayenera kutchula pamaso pa akulu. Amene akudera nkhawa chikhalidwe ayambire pamenepo. Malamulo aakulu a dziko lino, m'ndime 9, amati boma limalemekeza ziyankhulo za makolo ndipo lidzazitukula. Madzulo pa kanema lonjezo limenelo silioneka.

Mu 2022 kudatsegulidwa Maningue Magic, tchanelo cha pa DStv ndi GOtv choonetsa zopangidwa ku Mozambique, kuphatikizapo novela yotchedwa Maida. N'chinthu chabwino. Koma tchanelocho n'cholipira mwezi ndi mwezi, ndipo fungo lake ndi la ku Maputo, mzinda umene ambiri a kuno sadzaupondako moyo wawo wonse. Lilongwe tili naye pafupi kuposa likulu lathu.

Ndiye n'zosadabwitsa kuti makutu athu adatembenukira kutsidya la malire. Izeki ndi Jakobo timawadziwa ngati abale. Sewero la Tikuferanji lidalowa m'nyumba zathu, ndipo Manganya wa m'seweroli, amene dzina lake lenileni ndi Michael Usi, adatchuka kwambiri mpaka mu June 2024 adakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la Malawi. Amene amati sewero ndi chibwana aganizirepo pamenepa. Masewero a ku Malawi amatifika pamtima chifukwa chiyankhulo n'chimodzi, miyambo ya ukwati ndi maliro n'chimodzimodzi. Koma amakamba za kwacha, za ADMARC, za makhoti a dziko lina. Mayi wamasiye wa kuno amene waphunzira za ufulu wake kudzera m'sewero la ku Blantyre waphunzira lamulo limene silingamuthandize akapita kwa akuluakulu a boma ku Ulongwe.

Chonsecho malamulo athu alipo, ndipo ndi amphamvu. Lamulo la malo la 1997 limavomereza kuti munthu wokhala pamalo motsata mwambo ali ndi ufulu pamalopo ngakhale alibe pepala, ndipo umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi umamveka. Lamulo la 2009 limalanga nkhanza za m'banja zochitira amayi. La 2019 limaletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18, ndipo limagwira ngakhale makolo ndi onse othandizira ukwatiwo. Ndi angati m'midzi muno amene amawadziwa? Msonkhano wa pansi pa mtengo, wokamba nkhani atanyamula mapepala, anthu amauiwala asanafike kunyumba. Koma ikani nkhani ya mtsikana wa zaka 15 amene amalume ake alandira kale ndalama kwa wogula fodya, muidule pamene apolisi agogoda pakhomo, muone ngati pamjigo mawa padzakambidwe china. Mikangano yomwe ija imene akuluakulu akuinyoza ndiyo idzafikitse lamulolo khomo ndi khomo.

Nkhani zoti n'kusewera sitikusowa. Nkhondo ya m'dziko muno isanathe mu 1992, mabanja ochuluka a kuno adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pobwerera ena adapeza minda yawo ili ndi eni atsopano, ena adabwera ndi ana obadwira kutsidya amene mpaka lero sadziwa kuti kwawo n'kuti. Pali wamalonda wa kachewere wodutsa pa Biriwiri kapena pa Calómuè, m'thumba limodzi metikali, linalo kwacha, ndipo mwina mbali iliyonse ali ndi khomo. Pali mnyamata amene adapita kukasaka ntchito ku Moatize kapena ku Joni, mkazi wake n'kutsala m'manja mwa apongozi. Pali mkamwini wa pachikamwini amene wamanga nyumba ya malata pamalo a akazi ake, banja n'kutha. Wolemba wa ku São Paulo sangazilote zimenezi.

Tsono pempho langa likupita kwa amene ali ndi zipangizo. Rádio Moçambique ku Tete imaulutsa kale m'Chinyanja. Ipatule nthawi yokhazikika sabata iliyonse ya sewero lopitirira, lolembedwa ndi anthu a kumapiri kuno, ndipo likatha itsegule mafoni kuti omvera aweruze. Mawayilesi a m'madera amene ali pansi pa bungwe la boma la ICS achite chimodzimodzi. TVM, wayilesi ya kanema ya dziko lino, ikumbukire kuti ndi ya dziko lonse. Ndipo mishoni ya Fonte Boa ino, imene Ajezuiti adaitsegula mu 1945 ndipo yaphunzitsa mibadwo ya ana a kuno, ili ndi achinyamata amene amasewera kale m'tchalitchi pa Khirisimasi ndi pa Pasaka. Apatsidwe chipinda, foni yojambula bwino, ndi munthu mmodzi wowaphunzitsa kulemba nkhani ya magawo khumi. Gawo loyamba alionetse m'baraka momwe muja mumaonetsedwa za ku Brazil, nthawi yake yomweyo, mtengo wa pakhomo womwewo.