Mawu a Mbusa: Tikapita Kukaona Nyanja ku Vilankulo



Sukulu zikamayandikira kutsekera kumapeto a chaka, magulu a achinyamata ndi mabanja ena amayamba kusonkha ndalama za ulendo wokaona nyanja yamchere. Chikhumbo chimenechi n'chabwino, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Dziko lathu lili ndi gombe lotalika makilomita opitirira 2,400, koma ambiri a ife amene tinakulira kumapiri a Angónia, Tsangano ndi Macanga sitinalipondepo. Mwezi uno ndifuna ndilankhule ndi onse amene akukonzekera ulendo wotere, makamaka iwo amene adzatsogolera ana a eni.

Malo amodzi otchuka ndi Vilankulo, m'chigawo cha Inhambane. Wochokera ku Tete amadzera ku Chimoio ndi ku Inchope, nalowera kummwera pa msewu wa N1, nawoloka mtsinje wa Save. Ukaima pagombe la kumeneko umaona zilumba patsidya. Zilipo zisanu: Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi Bangué, ndipo zakhala malo otetezedwa kuyambira chaka cha 1971. M'madzi ake muli akamba a m'nyanja, ndiponso nyama yosowa yotchedwa dugong, imene imadya udzu wa pansi pa madzi ndi kuyamwitsa mwana wake ngati ng'ombe. Zoonadi, n'zokondweretsa maso.

Koma abale, nyanja yamchere si Zambezi, si Revúbuè, ndipo si nyanja ya Niassa. Ili ndi khalidwe lakelake, limene munthu wa kumtunda ayenera kuliphunzira asananyowetse phazi.

Choyamba ndi ichi: madzi ake amapita ndi kubwera. Chifukwa cha mphamvu ya mwezi imene imawakoka, amadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo kuchokera pophwa kufikira podzaza pamapita maola ngati asanu ndi limodzi. Nthawi yake imachedwerako mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, choncho zimene munaona dzulo musaziyesere lero. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukafa, madzi amaphwa kwambiri ndipo amadzazanso kwambiri. Ku Vilankulo amathawira kutali ndithu, mpaka ngalawa za asodzi kutsala zitagona pamchenga. Pamenepo mlendo amakopeka, nayenda kutali akutola zigoba za nkhono, osadziwa kuti pobwera madziwo amayamba adzaza makwawa a kumbuyo kwake. Akamatembenuka, apeza kuti waima pa kachilumba kamene kakucheperachepera. Akulu anati madzi saiwala khwawa.

Chachiwiri chimapezeka kumagombe a mafunde aakulu, monga kuseri kwa zilumbazo kapena ku Tofo, kufupi ndi mzinda wa Inhambane. Madzi amene mafunde amakankhira kumtunda amabwerera pakati kudzera pa mpata wopapatiza, akuthamanga ngati mtsinje wosefukira. Chopusitsa n'chakuti mpata umenewo ndiwo umaoneka wodekha, chifukwa mafunde sasweka pamenepo. Ukakokedwa usalimbane nawo, pakuti udzatopa usanafike. Gona chagada kuti uyandame, kweza mkono, ndipo sambira motsata gombe kufikira utatulukamo. Amene muli pamtunda musadziponyemo mwaphuma, mungatayike awiri. Fuulani, itanani asodzi, ponyani chingwe kapena chigubu chopanda kanthu chotseka bwino.

Tsono inu atsogoleri, makolo amene apereka ana awo m'manja mwanu akuyembekeza kuwalandiranso onse. Mukafika, funsani asodzi ola limene madzi adzatembenuka ndi malo amene ana awo amasambira, pakuti safunsa anadya phula. Werengani anthu anu polowa ndi potuluka m'madzi. Pakhale wamkulu mmodzi woima pamtunda, amene ntchito yake ndi kupenya basi, osati kujambula zithunzi kapena kuotcha nsomba. Wina aliyense asalowe m'madzi usiku. Pokwera ngalawa yopita kuzilumba, aliyense avale chovala choyandamitsa, ndipo mukaona kuti yadzaza mopitirira, dikirani ina ngakhale mwalipira kale. Mvetseraninso za nyengo pa wailesi, popeza nthawi ya dzinja ndiyo ya namondwe. Anthu a ku Vilankulo sanaiwale namondwe Favio, amene anasakaza tauni yawo mu February 2007.

Pomaliza, kumbukirani kuti gombe limene ife tikupumirapo ndi munda wa anzathu. Amayi amene mudzawaona atawerama pamchenga madzi ataphwa akufuna ndiwo za ana awo. Apatseni moni, musawajambule musanapemphe, musaponde maukonde oyanika, ndipo pogula nsomba musamufinye msodzi ngati kuti anaitola panjira. Musagule mazira kapena zigoba za akamba, chifukwa lamulo limaletsa. Mapulasitiki ndi mabotolo anu mubwerere nawo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Pitani mukaone, mukadabwe, mukayamike Mlengi amene anaikira nyanja malire ake. Ife otsala tidzakupemphererani, ndipo tidzakhala tikudikira kuti mudzatisimbire, nonse amene munanyamuka, popanda wosowa ngakhale mmodzi.

Ambuye akusungeni popita ndi pobwera.

Ine Mbusa wanu.